Nambala ya foni ya Esinati

Mu 2006 ndinkasoka zovala ku Gaborone West. Koma Esinati, mtsikana wa ku Dedza amene ankagwira ntchito ya m'nyumba kufupi ndi shopu yathu, ndinamuuza kuti kumudzi ndinali mphunzitsi wa masamu. Chonsecho masamuwo ndinalephera kawiri konse pa mayeso a Fomu 2.

Tsiku lina tili m'kombi, minibasi ya kumeneko, anandilembera nambala yake ya foni pakapepala. Ndinaiyang'anitsitsa uku ndikugwedeza mutu ngati dokotala.

"Achemwali, iyitu si nambala wamba," ndinatero. "Ife a masamu timati pulayimu. Sigawika ndi nambala ina iliyonse, koma iyo yokha ndi wani basi. Wani wakeyo ndine."

Ndinanenadi zimenezo, mokweza, anthu onse akumva.

Esinati anatenga kapepalako. "Aphunzitsi, ikutheratu ndi eyiti. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6, koma imeneyi imagawika pawiri bwinobwino."

Ndinayankha kuti kuno ku Botswana malamulo ake ndi ena.

Patatha mwezi ndinamva kuti theka lina la nambala ija linali la dalaivala wa kombi yomweyo. Mwana wa eni ake anandiuziratu yankho lake, koma ine mphunzitsi ndinalepherabe kachitatu.