Munsi umene munandigwiritsa, Azakhali

Azakhali, magetsi azima kuyambira m'mawa, chigayo cha pa Namitambo chili zii, ndiye ndakumbukira kuti ine ndi inu tili ndi mlandu. Chaka chatha munangotisiya osandipepesa.

Namondwe uja atagwetsa mapolo a magetsi, mlatho n'kukokoloka, munasunga mabanja atatu amene nyumba zawo zinagwa. Ufa unatha tsiku lachinayi, chigayo osaliza, ana akulira njala. Munatulutsa mtondo n'kupatsa munsi ine, mwamuna wandevu zake, wa digiri yake. Ndinati, "Azakhali, anthu aziti chiyani?" Inu osayang'ana n'komwe: "Aziti mwana wa achimwene anapita ku yunivesite koma manja anabwera nawo. Sinjani, bambo." Azimayi anaseka mpaka kukhala pansi. Chimanga china ndinamwaza pabwalo, nkhuku zokha ndi zimene zinandiyamikira. Matuza ali tho m'manja, inu mukupeta uku mukufunsa ngati kusukulu kwathuko timadya mabuku.

Dzuwa litapendeka, phala la misere linapsa. Munagawira ana onse, kenaka amayi awo, ine n'kundipatsa zokokota mumphika, ati malipiro a waganyu waulesi. Palibe mwana anagona ndi njala tsiku limenelo. Inu simunadye, munati dzino likukupwetekani, ndipo ine ndi maphunziro anga onse ndinakhulupirira.

Dzino, Azakhali? Pa phala? Bodza limeneli ndalizindikira mutapita kale. Pumulani, koma dziwani kuti ndakugwirani.