Achemwali ndi Makina Amene Anadya Dzanja la Bambo

Achemwali anga anayamba kuluka anthu tsitsi akadali mtsikana. Kasaluni kawo kanali kunsi kwa masitepe a nyumba ina yosanja, pafupi ndi pokwerera mabasi. Munali mipando iwiri yapulasitiki, galasi long'aluka pakona, ndi chowumitsira tsitsi chimene chinkalira ngati chikupempha kuti achipumitse. Ankaima tsiku lonse kumbuyo kwa mitu ya anthu, zala zikuthamanga. Makasitomala ankati ali ndi dzanja lozizira, loti ngakhale mwana wovuta amagona akumuluka. Banja lawo litatha, anabwerera kwathu ndi mwana wawo wamkazi n'kulowa m'chipinda chakumbuyo.

Ine ndine mlongo wawo wamng'ono. Ndimagulitsa mabuku ndi zolembera m'sitolo, ntchito imene bambo anandisankhira okha. Ankati pepala likakucheka umangoyamwa chala, basi zatha.

Bambo athu anali mmisiri wosema zitsulo. Anagwira zaka zambiri pa makina aja amene amaluma chitsulo n'kumachizunguza mwaliwiro, mmisiri n'kumachisenda pang'onopang'ono mpaka chisanduke bawuti, kapena mtanda wa chigayo, kapena chilichonse chimene mwini galimoto wasowa m'sitolo. Tsiku lina, ine ndikadali wamng'ono, makinawo anawagwira dzanja lamanja. Anatsala ndi chala chachikulu ndi cholozera. Kuchokera pamenepo dzanjalo linkakhala m'thumba la jekete, kutenthe kuzizire, ndipo nkhani ya tsikulo sinkakambidwa pakhomo pathu. Amayi anamwalira osaimva yonse.

Ndiye mungathe kuganiza mmene zinalili Lamlungu lina masana, tili patebulo, achemwali atati:

"Bambo, ndinakalembetsa ku sukulu ya ntchito zamanja. Anditenga."

"Zosoka?" anafunsa bambo.

"Ayi. Zosema zitsulo."

Bambo anaika supuni pansi. Anatulutsa dzanja lija m'thumba n'kuligoneka patebulo, pakati pa mbale. Mdzukulu wawo, amene anali asanalionepo bwinobwino, anasiya kutafuna.

"Ukufuna chimenechi?"

"Ayi, bambo."

"Nanga ukufuna chiyani? Ntchito uli nayo. Zala uli nazo zonse khumi. Mwana ukudyetsa ndi zala zomwezo."

Achemwali anayankha akuyang'ana m'mbale. "Tsitsi ndimaluka lero, mwezi usanathe amasula. Msana wandithera pa mitu ya eni. Ndikufuna ndipange chinthu choti chikhale. Ndinkakubweretserani chakudya kuntchito kuja, mukuganiza kuti ndinkachedwa kubwerera chifukwa chiyani? Ndinkaonerera."

"Ukapita kumeneko," anatero bambo, "usadzandiuze kalikonse ka kumeneko." Anabweza dzanja m'thumba n'kulowa kuchipinda, chakudya chili chomwecho.

Ndinayesa kuwabweza achemwali. Ndinawauza kuti zaka zapita, kuti akakhala m'kalasi ndi ana oti akanatha kuwabereka, kuti bambo magazi awo ngothamanga kale. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anati, "Iwe chimwene, unamvera bambo chifukwa zitsulo sunkazifuna n'komwe. Kumvera kotero n'kosavuta." Ndipo sananame.

Sukuluyo inali kuseri kwa mafakitale, nyumba yaitali yamalata yokhala ndi mawindo m'mwamba mokhamokha. Tsiku loyamba mphunzitsi wawo, amene ophunzira ankamutcha Amilimita chifukwa chosakhululukira ngakhale kaphazi ka nyerere pamuyeso, anawaimika pamzere n'kumayang'ana aliyense kuyambira kumutu. Atafika pa achemwali analoza malukidwe awo aatali ofika kumsana.

"Izi makina akazigwira, amatenga ndi khungu lomwe. Mphete, zibangili, ndolo zolendewera, zonse muzisiya kunyumba."

Madzulo ake achemwali anakhala pampando wa m'saluni mwawo n'kuuza mnzawo wogwira naye ntchito kuti awamete. Mnzawoyo anameta akudandaula ngati pamaliro. Makasitomala ataona, ena anaseka. "Woluka tsitsi wopanda tsitsi! Ndiye ngati wogulitsa nsapato woyenda chosavala." Popeza tsopano ankapezeka Loweruka lokha, ambiri anasamukira kwina mwakachetechete.

M'kalasimo mkazi anali iwo okha. Anyamata ankawatcha Anti. Miyezi yoyamba inali ya kuyeza, kujambula ndi kupala chitsulo ndi tupa, ndipo pamenepo Anti ankawasiya kutali anyamatawo. Ankabwera kunyumba m'manja muli matuza, ovolosi ikununkha oilo, koma nkhope ikuwala. Ovolosiyo ankaichapira kuseri n'kuyanika komwe bambo sangaione. Bambo ankawayankha moni, n'kuthera pomwepo. Akafuna mchere patebulo ankatuma mdzukulu, ngakhale mcherewo uli pafupi ndi achemwali.

Kenaka inafika nthawi yopita pa makina enieni.

Zimenezi achemwali anandiuza patapita masabata, atabwera kusitolo kwathu masana, nthawi yoti akanakhala ali m'kalasi. Anaima pafupi ndi shelefu ya makope ngati kasitomala, koma maso ali ofiira.

"Chimwene, ndikulephera kuyatsa."

"Kuyatsa chiyani?"

"Makina. Chitsulo ndimamanga bwinobwino. Mpeni ndimaika. Magalasi ndimavala. Koma ndikati nditambasule dzanja ndidine batani, dzanja limakana. Ndimaona tebulo lija, ndi mbale, ndi dzanja la bambo."

Amilimita anali atawapirira kangapo, kenaka anawabweza ku benchi ya tupa. Anzawo onse anali akusema kale, tizitsulo topotanapotana tikugwa pansi ngati masamba, iwo ali pakona kupala kachidutswa kamene anali atakapala kale mbali zonse. Anyamata sankawaseka, ndipo achemwali anati zimenezo n'zimene zinkawawa kwambiri. Ankangodutsa n'kunena motsitsa mawu, "Limbani mtima, Anti." Tsiku limenelo mphunzitsiyo anali atawauza poyera kuti mayeso a chaka sangalembe munthu woopa makina, ndipo kuti malo awowo alipo ena amene akuwalirira.

"Ndiye mungosiya, achemwali," ndinatero. "Palibe angakusekeni."

"Ndibwerere kunsi kwa masitepe ndi mutu wometa? Ndikamuuze chiyani mwana wanga?"

Loweruka lotsatira madzulo ndinawapeza bambo pakhonde akukonza wailesi ndi dzanja lamanzere. Achemwali anatuluka ndi ovolosi yawo m'manja, koyamba kuionetsa, n'kukhala pansi pafupi ndi mpando wawo. Ine ndinaima pakhomo.

"Bambo, munati ndisadzakuuzeni za kusukulu. Sindikuuzani. Ndikufuna ndikufunseni. Tsiku lija munalakwitsa chiyani? Mundiuze kuti ine ndisadzachite."

Bambo ankatembenuza kasikuluu pakati pa zala. Ndinkaganiza kuti adzuka n'kuchoka.

"Palibe," anatero potsiriza.

"Palibe?"

"Ndinagona bwino. Sindinamwe. Chitsulo ndinamanga monga ndinkamangira masiku onse. Chinali ndi mng'alu m'kati, wosaoneka ndi maso. Chinathyoka chikuzungulira, chinakola mkono wa malaya, n'kundikoka. Ndisanakuwe n'komwe zinali zitatha." Anawayang'ana achemwali m'maso, koyamba pa miyezi yonseyo. "Ukufuna ndikuuze kuti wochenjera sapweteka. Ndikanakonda ndikanakuuza choncho. Ukachenjera umachepetsa chabe. Ndiye chifukwa chake sindikufuna."

Achemwali analira mosatulutsa mawu. Anali atabwera kudzafuna kanthu kogwira, ndipo bambo anawalanda ngakhale kochepa kamene anali nako.

Bambo anayang'ana ovolosi ija pamiyendo pawo. Anaikoka n'kuitambasula, n'kugwedeza mkono wake umodzi.

"Amakulolani kuvala chonchi? Mphunzitsi wanuyo ngwamaso?"

"Amati tizipinda."

"Chopinda chimapindukuka. Iwe," anatembenukira kwa ine, "tenga sizasi."

Ndinabweretsa. Sakanatha kudula okha, choncho anapanikiza nsaluyo pabondo ndi zala zawo ziwiri zija, achemwali n'kudula mikono yonse iwiri pamwamba pa chigongono. Atatha anati, "Usamaime moyang'anizana ndi pamene chitsulo chikuzungulira. Uziima chammbali. Ndipo mantha amenewo usawataye. Tsiku limene udzasiye kuopa, udzabwere kuno udzakhale." Anatenganso wailesi yawo. "Sikuti ndavomera."

Lolemba achemwali anayatsa makina. Anandiuza kuti dzanja linafuna kukananso, moti anadina batani ndi chibakera. Chitsulo choyamba anachisenda mopitirira muyeso, ndipo Amilimita anachiponya m'mgolo wa zotaya. Chachiwiri chimodzimodzi. Nthawi imene anataya pa benchi ija inawatsata mpaka kumapeto: mayeso a chaka analephera, ndipo anabwereza pamene anyamata aja ankapita patsogolo. Chaka chobwerezacho chinali chowawa. Saluni inatsekedwa, mwini nyumba anaikamo wogulitsa mafoni. Mwana wawo anayamba kuvuta kusukulu, akuti anzake ankamunena kuti mayi ake asanduka mwamuna. Achemwali anaonda, ndipo kuseka kunachepa.

Pamapeto pake achemwali anakhoza mayeso, koma bambo sanapondeko kusukuluko ngakhale tsiku lolandira satifiketi. Anati miyendo ikuwawa. Koma ndinazindikira kuti madzulo alionse achemwali akamawapatsira madzi osamba m'manja, maso a bambo ankayamba ayenda pa zala zawo, chimodzichimodzi, asanalandire beseni.

Kupeza ntchito kwakhala nkhondo ina. Malo ena anawauza kuti ntchito yosesa ilipo. Kwina bwana anawafunsa ngati abwera kudzafunsira mwamuna wawo ntchito. Sabata yatha ndinawaperekeza ku kagalaja kena kakumapeto kwa msewu wa mafakitale, kumene amakonza mapampu a madzi. M'katimo munali mdima ndi fungo la oilo wopsa, makina awiri akale, ndi amuna atatu amene anasiya ntchito n'kumatiyang'ana. Mwini wake, bambo wonenepa wa pensulo kukhutu, anawerenga satifiketi mofulumira n'kuwabwezera.

"Pepala silisema, mayi. Mubwere Lolemba muyese mwezi umodzi. Koma ndikuuzirenitu: chimbudzi n'chimodzi, ndipo chitseko chake sichitsekeka."

"Ndidzabwera ndi loko wanga," anatero achemwali.

Mmodzi wa amuna aja anaseka, koma mwini galaja sanaseke. Anangogwedeza mutu n'kubwerera ku ntchito yake.

Tinatuluka n'kuyamba kuyenda. Malole ankadutsa n'kutithira fumbi. Titayandikira pokwerera mabasi ndinawafunsa ngati akondwa.

"Makina awo aja waona?" anatero. "Akumanzere aja alibe chotchinga. Ndipo pansi ponse ndi oilo." Anapukuta thukuta ndi mpango. "Ndidzafika m'mamawa ndiyambe ndakolopa. Tiye, basi ija ikudzaza."