Supuni Yopanda Mkango

Korona itavuta, hotela yomwe ndinkagwirako ku The Pearl, kudziko la eni, inatseka malo odyera. Ena mwa ife operekera zakudya anatipatsa nsanza kuti tizipukuta ziwiya zakale zomwe zinkangokhala m'makabati agalasi: masupuni, mafoloko, mathireyi. Woyang'anira ziwiyazo, mkulu wina wa ku Sri Lanka, ndiye anandiphunzitsa kutembenuza chiwiya ndisanachitame. Ankandibwereka kagalasi kake kokulitsira zinthu n'kundilozera tizidindo takuseri kwa chogwirira. Ukaona kamkango koyenda, ameneyo ndi siliva weniweni wa ku Mangalande. Ukaona zilembo zinayi, EPNS, ndi chitsulo chongokutidwa siliva pamwamba. Tizidindo tina tinali zilembo za wopanga, m'tizishango tondondozana, toti wosadziwa n'kuyesa ndi chuma.

Ndinazigwira msanga, ndipo zinandilowa m'mutu. Vuto langa ndi limeneli: ndikadziwa kanthu, pakamwa pamandiyabwa.

Ku Al Muntazah, dera lomwe tinkakhala, tinkagona asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi. Bedi la pansi pa langa linali la bambo ena a ku Thyolo, alonda, aakulu kwa tonsefe. Tinkangowatchula kuti madala. Lachisanu lina masana, atandimva ndikudzitama ndi za zidindo, anatsegula sutikesi n'kutulutsa supuni yaikulu yokulungidwa m'kansalu. Atate awo anaphikira mzungu wa pa esiteti ya tiyi kuyambira unyamata mpaka imvi. Mzunguyo pobwerera kwawo anawapatsa supuniyo, nati ndi siliva weniweni wa agogo ake. Atatewo atamwalira, abale analimbirana njinga ndi wailesi. Madala anangotenga supuni.

"Mwana wanga, inu ndinu a expert tsopano," anatero. "Tandichekereni. Abale anga amati bambo anapusitsidwa. Ndikufuna contract ikatha ndikawauze kuti wodziwa anaiona."

Ndinajambula kuseri kwake ndi foni n'kukulitsa chithunzicho. Tizishango titatu ta wopanga, kenako zilembo zinayi zija. Mkango panalibe. Pamsana pa supuni, pamene imagunda tebulo, siliva anali ataperepeseka, chitsulo chachikasu chikusuzumira. Inali itatumikira kale mokwanira isanaperekedwe ngati mphatso.

Ndikanatha kunena kuti foni sikuonetsa bwino. Ndikanatha kupempha kuti ndikafunse kaye kuntchito. Koma ndinaseka. Mpaka lero ndimadzida chifukwa cha kuseka kumeneko.

"Madala, iyi ndi plated basi. Mkango palibe apa. Ngati zimenezi ku hotela zili m'ma box m'ma box."

"Khalas, nkhani yatha," anatero mnzathu wina ali gone pabedi. "Mzungu anawadyera masuku pamutu."

Madala sanakwiye. Bola akanakwiya. Anangoti, "Zikomo, mwandithandiza," n'kupinda kansalu kaja, kokha, kukabwezera m'sutikesi.

M'mawa mwake ndinapeza m'nyumba mnzathu wina wa ku Nepal akukokota mpunga wopserera mumphika ndi supuni ija. Anali ataipeza m'chitini cha masupuni a tonse. Ndinamulanda mwaukali ngati wolakwa ndi iye, ndinaitsuka, n'kupita nayo kwa eni ake.

"Ibwezeni komwe mwaitenga," anatero madala akumanga nsapato. "Ndi supuni. Igwire ntchito."

Ndinaonetsa chithunzi chija kwa mkulu wa ku Sri Lanka. Anachiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti wopanga wake anali wa manja abwino, ndipo supuniyo ndi yakale kuposa zambiri za m'makabati athu. Anandidzudzula kuti munthu amayamba kuwerenga wopanga, osati kuthamangira chimene chikusowa. Ndinabwerera kunyumba mtima uli dyokodyoko kuti ndikakonze zomwe ndinawononga, koma ndinapeza bedi la madala lili lokha. Anali atawapeza ndi korona kuntchito n'kuwatengera kumalo a odwala, komwe sitinkaloledwa kufikako.

Anachira, koma chifuwa sichinabwerere mwakale. Nthawi imeneyo lamulo linali litasintha, munthu n'kumatha kusintha ntchito popanda kalata ya bwana. Achinyamata tinakondwa, enafe tinasamukadi. Koma ndani akanalemba mlonda wa imvi, wopuma mobanika akakwera masitepe? Kampani yawo inawagulira tikiti yobwerera kumudzi. Anadzatenga sutikesi ine ndili kuntchito, supuni n'kuisiya m'chitini.

Patapita milungu ingapo ndinawaimbira ku Thyolo. Ndinayankhula mofulumira ngati mwana wodziteteza: za wopanga, za ukale wake, zoti pali munthu akubwera kumudzi amene angawatengere supuniyo. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Nanga mkango uja mwaupeza?"

"Ayi, madala. Palibe."

Ndinamva akutsokomola, kenako anatsitsa mawu, ngati pali anthu pafupi.

"Ndiye isungeni konko, mwana wanga. Kuno ndawauza kuti anandilanda pa airport chifukwa ndi siliva."