Wezulo wa Aphunzitsi Jere

Ku Chiparamba mukatchula a Gideon Jere, anthu amayamba akumbukira wezulo. Atate anga amenewo anaphunzitsa zaka makumi atatu, ndipo masewera onse a pasukulu anali m'manja mwawo. Mwana akati watopa, iwo ankangoti, "Kutopa kuli m'mutu. Zungulira bwalo kawiri!" Ife ana awo sitinkapulumukanso. Mwambi anali nawo umodzi basi, ngati ina yonse inatha pamsika: kuwongola mtengo n'poyamba.

Atapuma pantchito, amayi n'kumwalira, atate anangoti khuma pakhonde. Kuchipatala anawapeza ndi shuga, n'kuwauza kuti azilimbitsa thupi. Ndiye ine Tamiwe, mwana wawo wa m'tauni wodziwa zonse, ndinagula kagalu ka miyezi itatu ku Chipata, n'kukanyamula m'katoni pa minibasi.

"Atate, ndakupezerani mnzanu wothamanga naye," ndinatero.

Anakayang'ana monga ankayang'anira ana a giredi wani. Anakatcha Kaputeni, ndipo tsiku lomwelo wezulo anatuluka m'sutikesi.

Abale inu, munthu anatsitsimuka! M'mawa uliwonse ankakamanga chingwe, wezulo pakamwa, ulendo mumsewu wa miyala. Sabata yoyamba kilomita imodzi, kenako ziwiri, kenako zinayi, ndipo nthawi zina ankabwerera dzuwa la Okutobala litaswa kale mtengo. Ankanditumizira mavidiyo pafoni, ine n'kumaombera m'manja.

Vidiyo imodzi imandiwawa mpaka lero. Kaputeni anakhala pansi pakati pa msewu, lilime panja, kamwendo kakumbuyo katatukulidwa. Atate akukoka chingwe, akuliza wezulo. Kagaluko kanadzuka n'kumawatsata motsimphina. Ine ndinaona bwinobwino, maso awa. Koma ndinaseka, ndinaonetsanso anzanga ku ofesi, kenako ndinalemba kuti, "Ulesi umenewo, atate. Musakalekerere." Ndinkangofuna shuga wa atate atsike, za kagalu sindinaziike kumutu.

Patapita masabata awiri ndinapita kumudzi. Kaputeni anali pansi pa nkhokwe, osatuluka. Nditakakoka kanalira, ndipo mapazi ake anali osupukasupuka.

"Kakunamizira ako," anatero atate, koma mawu awo analibe mphamvu.

Tinakwera nako minibasi kupita kwa dokotala wa ziweto m'tauni. Tsoka ilo, dokotalayo anali Sesiliya Mbewe, amene atate ankamuzungulitsa bwalo ali mwana. Anawalandira mwaulemu, manja awiri. Atapima mwendo uja, nkhope yake inasintha.

"Aphunzitsi, kamathamanga mtunda wotani?"

"Makilomita anayi," anayankha atate, ngati akuyembekezera mphotho.

"Pa miyezi isanu? Mafupa ake akadali anthete, sanamalize kukula. Kamwana kotere kamangofunika kusewera paudzu pang'onopang'ono, kakatopa kagone. Mtunda wautali n'ngwa galu wokhwima, wopitirira chaka. Ndipo nthaka ikakuotchani dzanja, nakonso ikukaotcha mapazi."

"Koma kanali kunditsata kokha."

"Galu amatsata mbuye wake ngakhale akumva ululu, aphunzitsi. Sanena kuti ndatopa."

Atate anayamba mwambi wawo uja, koma anathera pakati. Sesiliya anayang'ana pansi, n'kunena motsitsa, "Mtengo uwu sunali wokhota ayi."

Ndinafunsa ngati mwendowo uchira. Iye anati zilonda za kumapazi zipola, koma bondo lavulala kwambiri, tisadzinamize. Ndinamva manyazi osaneneka. Mu minibasi pobwerera ndinaulula kuti, "Atate, ine ndinaona kakutsimphina, n'kukuuzani kuti musakalekerere." Iwo anapukusa mutu. "Chingwe chinali m'dzanja langa, mwanawe." 

Papita chaka tsopano. Kaputeni wakula, koma amayenda mokoka mwendo. Atate amatuluka naye kusanatenthe, opanda chingwe. Asanaponde msewu amawerama n'kugwira nthaka ndi chikhato, anthu n'kumawaseka kuti ataya ndalama. Galu akaima, iwonso amaima. Akaona mwana akukoka kagalu pachingwe, amamuimitsa n'kumufotokozera zonse za Sesiliya, mawu ndi mawu. Wezulo uja anamupereka kwa mphunzitsi watsopano wa masewera.

Loweruka lapitali tinali pakhonde, Kaputeni atagona pamapazi pawo. Kubwalo la sukulu kunali mpira, ndipo wezulo yemwe uja analira. Galu anadzambatuka, nayamba kutsimphina chothamangira kugeti, mchira ukugwedezeka, akucheukira atate kuti tiyeni.

Atate anamuthamangira, n'kugwada pafumbi ndi buluku lawo la kutchalitchi, kumukumbatira m'khosi.

"Ayi, Kaputeni, khala pansi. Watopa. Pepa, mwana wanga, pepa."

Zaka makumi anayi ndakhala mwana wawo, ndinali ndisanawamvepo akupepesa munthu. Ndinalowa m'nyumba, n'kutenga foni, kuti ndifufute vidiyo ija. Ndinaionera kaye, ndipo ndinalephera kuifufuta.