Maso pa nsapato zanga

Nditapuma pa ntchito ya uphunzitsi ndinabwerera kwathu ku Kandeu, ndipo ana a ku koleji akabwera kutchuthi ankandipeza kuti ndiwaonere makalata ofunsira ntchito. Mmodzi anali mwana wa mng'ono wanga, mtsikana wanzeru amene ankaphunzira zaulimi. Ataitanidwa ku intavyu, ndinaika mipando iwiri pakhonde n'kumuuza kuti tiyeserere, ine ndikhala bwana.

Anafika n'kugwada pansi, maso ali pa nsapato zanga.

"Dzuka, khala pampando, undiyang'ane," ndinatero.

"Amayi aakulu, inu ndingakuyang'aneni m'maso bwanji?"

Ndinapsa mtima, koma osati ndi iye. Ndife tinamulera choncho, tikumukalipira akadzutsa maso pamaso pa akuluakulu, ndipo tsopano ulemu womwewo ukanamumanitsa ntchito. Tinayeserera sabata yathunthu. Akangogwetsa nkhope ndinkamenya tebulo, iye n'kuseka, n'kuyambiranso.

Ntchito anaipeza. Tsiku limene anabwera kudzandiuza anagwada monga kale, ndipo mtima wanga unakhala pansi poona kuti mwambo sanautaye. Koma ali chigwadire choncho anandiyang'ana m'maso, ndipo woyamba kuyang'ana pansi ndinali ine.