Tsiku limene ndinaimitsa ndewu ya a Nkhoma

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha phokoso. Ndinali m'chaka chachiwiri pa yunivesite ku Kahawa, mumzinda wa Nairobi, kuphunzira zowongola minofu ndi mafupa, ndipo chipinda chimene ndinkachita lendi chinayang'anizana ndi chinyumba cha malata. Masana aliwonse kunkamveka kuti phuu, phuu, ngati wina akupuntha matiresi. Tsiku lina ndinalephera kupirira, ndinakasuzumira. Ndinapeza anyamata ndi atsikana akudzigwetsa chagada mu ring'i ya resiling'i, ndipo mdala wina wamfupi, wa khosi ngati mtondo, ankawakalipira m'Chiswahili. Wina atagwa molakwika, mdalayo anagwira mutu n'kunena kuti, "Mayo ine, ana awa."

"Mwaswera bwanji, bambo?" ndinatero ndisanaganize.

Anatembenuka pang'onopang'ono. "Kwanu n'kuti, mwanangu?"

"Ku Dedza."

"Ndiye lowani. Mukuima pakhomo ngati mwadzapala moto?"

Amenewo anali a Nkhoma, eni sukuluyo. Anabwera ku Nairobi kalekale kudzayendetsa galimoto ya bungwe lina ku Gigiri, koma mtima wawo unatsalira m'tinyumba ta vidiyo ta ku Ndirande, kumene ankaonera zimphona zikunyamulana. Anakumana ndi kalipentala wina Mkenya, malemu Barasa, wodwala nthenda yomweyo. Sukulu inayambira pansi pa mtengo kuseri kwa shopu ya Barasa, pa matumba a utuchi. Kenako anawotcherera zitsulo za lole yakufa n'kupanga ring'i. Anasamuka katatu, kamodzi atathamangitsidwa ndi aneba amene ankaganiza kuti anthu akuphana, ndipo nthawi zonse ring'iyo inkayenda nawo zidutswazidutswa pa mkokoteni, ngolo yokoka munthu. A Nkhoma akamafotokoza zimenezi ankayang'ana kudenga, ngati zonse zinalembedwa pa malata.

Anandilemba kuti ndizimanga mabandeji ndi kusamala ring'i. Ndinkayala matabwa pa zitsulo, pamwamba pake masiponji, kenako lona, n'kuikoka mpaka makwinya onse athe. Zingwe zitatu ndinkazikunga ndi sipanala pa ngodya iliyonse, ndipo a Nkhoma ankaziyesa pozitsamira ndi msana. Ndinkakonda nthawi ya masana ophunzira asanafike. Dzuwa linkalowa m'mabowo a misomali n'kuima m'fumbi mizeremizere, njiwa zikulira padenga, ndipo ndinkagona pakati pa lona kumvera matabwa akung'ung'udza. Ndinali wosungulumwa chaka chimenecho, ndipo malo amenewo ndinawakonda kwambiri.

Patatha miyezi ingapo anandipatsa malaya amizere, ndinakhala refa. Apa m'pamene ndinadziwa kuti wopambana amadziwika ndewu isanayambe. Kugwa kokha n'kumene sikunama. N'chifukwa chake wophunzira amatha miyezi akungogwa: chibwano pachifuwa, manja tambasu, msana wonse ufike pansi nthawi imodzi. Ntchito ya refa si kuwerenga mpaka katatu kokha. Munthu akagwa kolimba, refa amagwada ngati akumuyang'ana nkhope, n'kulowetsa zala ziwiri m'dzanja lake anthu osaona. Akafinya, ali bwino. Akapanda kufinya, refa amapingasa manja m'mwamba, ndewu yatha.

"Musamvere pakamwa," ankatero a Nkhoma. "Pakamwa pa munthu wa resiling'i n'pabodza. Mverani dzanja."

Chaka chotsatira anaganiza zosiya sukulu m'manja mwa Wekesa, mwana wa malemu Barasa, amene anamuphunzitsa okha kuyambira ali wamng'ono. Mwambo wa ntchitoyi ndi woti wamkulu satsanzika ndi mawu. Amalowa mu ring'i komaliza, n'kulola wamng'ono amugonjetse pamaso pa anthu. Anakonzekera miyezi itatu. Anasoketsanso chovala chawo chofiira chimene chinali chitawathina, n'kuitana ophunzira awo onse akale. Loweruka la mwambowo masana chinyumba chinadzaza, kunabwera ngakhale Amalawi a ku Gigiri ndi ku Syokimau atavala ngati akupita ku ukwati. Tinapangana kuti ndewu itenga mphindi khumi ndi zisanu, ndipo pomaliza Wekesa adzalumpha kuchokera pa chingwe chapamwamba n'kuwagwera pachifuwa.

Mphindi zoyamba ndimazikumbukira ngati maloto. A Nkhoma ankayenda mopepuka ngati zaka azisiya pakhomo, anthu akuimba dzina lawo. Kenako Wekesa anawanyamula n'kuwagwetsa, monga anachitira kambirimbiri poyeserera, koma phazi lake linaterereka pa thukuta. Matabwa analira mwachilendo. Ndinagwada n'kulowetsa zala m'dzanja lawo lamanja. Linali lofunda, lofewa, ndipo silinachite kanthu.

"Pitirizani, mwanangu," ananong'ona. "Ndili bwino. Muuzeni akwere, timalize."

Apa m'pamene ndinalakwa. Ine ndinaleredwa kuti wamkulu akalankhula umati chabwino, ndipo munthu uyu ndinkamutcha bambo. Ndinaimirira n'kugwedezera Wekesa mutu. Ndinamuona akukwera chingwe choyamba, chachiwiri, anthu akukuwa, koma ine phokoso lonselo ndinkalimva patali ngati ndili pansi pa madzi. M'zala mwanga munali mukadali kufewa kwa dzanja lija. Wekesa ataponda chachitatu ndinalumpha, ndinaima pakati pa iye ndi a Nkhoma, n'kupingasa manja.

Anthu anandikuwiza poganiza kuti ndi mbali ya sewero. Wina anandigenda ndi botolo la madzi. Wekesa yekha ndiye anamvetsa, anatsika.

"Chokani apo," anatero a Nkhoma ali chigonere. "Mukundichititsa manyazi pamaso pa alendo."

"Pepani bambo, sindichoka. Ndipo musagwedeze mutu."

Ndinagwada n'kuwagwira mutu ndi manja awiri mpaka ambulansi inafika. Nthawi yonseyo sanandiyang'ane. Kuchipatala anapeza kuti fupa la m'khosi linang'aluka, ndipo dokotala anati munthu wina akanawagwera pamenepo sakanayendanso.

Wekesa anatenga sukulu popanda mwambo, makiyi anachita kukalandirira m'wodi. Sukuluyo ilipo mpaka lero, ring'i yake ndi yomwe ija. Ine ndinamaliza maphunziro, ndipo tsopano ndimawongola odwala pa chipatala china. Chimene ndinatenga kumeneko n'chakuti ulemu wongovomera ukhoza kupundula munthu amene ukumulemekezayo. Agogo ena kuchipatalako akandiuza kuti palibe chikupweteka, ndimavomera mwaulemu wonse, koma ndimawayezabe.

A Nkhoma anakhala miyezi isanu osandilankhula, ndipo zinkandiwawa. Tsiku lina masana ndikukunga zingwe, ndinamva ndodo ikugogoda simenti. Analowa pang'onopang'ono, khosi lili m'chomangira, n'kuima pafupi ndi ngodya imene ndinali.

"Munandilanda tsiku langa," anatero. "Silidzabweranso."

"Ndikudziwa, bambo. Mwandikhululukira?"

"Ayi," anayankha. "Koma ndimafuna ndidzakuuzeni ndekha, ndiye ndatsika minibasi pa siteji paja n'kubwera wapansi, ndi miyendo yangayi."