Kuperekeza Mkazi Mnzanga ku Opaleshoni ku Balaka

Tinanyamuka pa Nayuchi pa sitima dzuwa litangotuluka, tili atatu: ine, amuna anga a Che Saidi, ndi Asiyatu, mkazi wawo wachiwiri. Ulendo unali wa ku Balaka, komwe madokotala a ku chipatala chachikulu ankabwera kudzachita maopaleshoni sabata imeneyo.

Asiyatu anali ndi chotupa kumsana, m'munsi mwa phewa. Chinayamba ngati chipsera cholimba, kenako chinatukuka. Anachichotsapo kamodzi koma chinameranso. Atatumiza kanyama kake kukayeza, yankho linabwera loti ndi khansa ya pakhungu, ya mtundu wosaonekaoneka. Mu wodi ya amayi mumafunika gadiyani wamkazi. Amayi ake anamwalira kale, mchemwali wake anakwatiwa kutali ku Mozambique, ndiye ntchitoyo inagwera ine.

Sitima inali itadzaza ndi matumba a mpunga, nkhuku, ndi amayi a geni obwera ndi zitenje za kutsidya kwa malire. A Che Saidi anakankhana ndi anthu mpaka kupeza mpando wa pawindo. Anaupukuta ndi mpango, anapinda jekete lawo n'kuliika kumsana kwa Asiyatu mosamala ngati akuika mazira. Ine ndinakhala pa thumba la nandolo la munthu wina, chikapu cha mapoto chili pamiyendo. Ndinakumbuka tsiku limene ndinkapita kukabereka mwana wathu wachitatu. Ndinakwera ndekha njinga ya kabaza, iwo ali kumunda wa thonje, akuti mbewu singadikire.

Pa Namanja sitima inaima pang'ono, ogulitsa n'kuunjikana pamawindo. A Che Saidi anagula zitumbuwa ndi mazira owiritsa. Dzira la Asiyatu anamusendera okha, n'kuthirapo kamchere. Langa anangondipatsira ndi chikamba chake, nkhope atayang'ana kwina.

Mayi wina wonenepa amene anakhala moyang'anana nafe ankangotiyang'anitsitsa. Kenako anandigwira bondo.

"Koma amayi, mkamwini wanuyu ndi wabwino. Mwana wanu anachita mwayi."

"Iyayi," ndinatero. "Awa ndi amuna anga."

Mayiyo anayang'ana ine, anayang'ana Asiyatu, n'kuyamba kumasula ndi kumanganso duku lake lomwe silinamasuke n'komwe.

Tinawoloka Shire masana dzuwa likuswa mtengo. Aliyense anasuzumira kuti aone mvuu. Ine ndinaona dzanja la a Che Saidi litatchinga msana wa Asiyatu kuti okankhanawo asamugunde. Dzanja limenelo ndinalidziwa lisanachite makwinya, ndine ndinkalithira mankhwala likang'ambika ndi khasu.

Pa Nkaya tinakhalitsa podikira sitima ya malasha kuti idutse. Asiyatu anali atatuwa, milomo itauma. Anandipempha chapansipansi kuti ndimuperekeze kuchimbudzi. Kumeneko anatsitsa diresi kuti ndimuonere ngati chotupacho chikutuluka magazi, poti iye mwini sakanatha kudziona kumsana. Kanali koyamba kuchiona. Chinali ngati timbatata tofiirira tounjikana, khungu lake litanyezimira. Ndinachiphimba ndi kansalu koyera n'kumuuza kuti palibe magazi. Tinabwerera kumpando.

Balaka tinafika dzuwa litapendeka. Anyamata a njinga anatilanda katundu tisanatsike n'komwe. Anatchula K1,000 munthu mmodzi, ndipo a Che Saidi, omwe amanenerera ngakhale mtengo wa singano, sananenerere. Anangouza mnyamata wa Asiyatu kuti apalase pang'onopang'ono. Wanga anauluka nane m'mabampu ngati wanyamula makala.

M'mawa mwake dokotala, mayi wachitsikana wa magalasi, anatiitana tonse atatu. Anajambula ndi cholembera mzere waukulu kuzungulira chotupacho, kutali ndi pomwe chinathera.

"Khansa imeneyi siikonda kuthamangira m'thupi monse," anatero. "Koma imayala mizu pansi pa khungu ngati kapinga. Mukasiya kamuzu kamodzi, imaphukanso. Tidula malo aakulu ndithu, mpaka mkati, ndipo titenga khungu la pantchafu kudzatsekera. Chipsera chake chidzakhala chachikulu."

Atamulowetsa kochitira opaleshoni, a Che Saidi anakhala pansi pa khoma akuwerenga tasibihi, mikanda yawo yopempherera, misozi ikutsikira m'ndevu. Kumaliro a bambo awo sanalire chonchi. Ndinafuna kuwafunsa ngati akanalira chomwecho ndikanakhala ine, koma ndinaopa yankho. Ndinangopita kukasonkha moto wa phala.

Asiyatu anatsitsimuka madzulo, atagona chafufumimba, mabandeji kumsana ndi pantchafu. Dokotala anati zayenda bwino, koma nyama imene achotsayo aitumiza kukayeza ngati mizu yatha, ndipo azibwera kudzaonedwa kwa zaka zingapo. Ndikumupukuta thukuta, Asiyatu anandigwira chitenje.

"Akulu, tsiku lomasula bandeji musawalole alowe."

"Chifukwa chiyani? Si amuna ako?"

"Inu anakuonani muli ndi pakati, anakuonani mukudwala, mano anayamba kuguluka ali pomwepo, ndipo sanachoke. Ine amandidziwa ndili wosalala basi. Sindikudziwa ngati angakhale." Anabisa nkhope mu pilo. "Ndimakusirirani, akulu."

Ndinapitiriza kumupukuta ndi nsalu yonyowa. Sindinaganizepo kuti pa thupi langa lotopali pali chimene mtsikana ameneyu angasirire.

Tsiku lomasula litafika, a Che Saidi anabwera ndi botolo la thobwa, akupita molunjika kubedi. Ndinaima pakhomo la wodi.

"Simulowa."

"Iwe, ndikufuna ndimuone."

"Wanena yekha. Lero akufuna ine."

Anayang'ana kupyola phewa langa, kenako anandipatsa botolo lija n'kubwerera kukakhala pabenchi. Ndisaname, mtima wanga unakoma. Nsanje sinandichoke pa ulendo umenewu, koma ndinaphunzira kuti m'banja mwathu sindinali ndekha woisenza. Ndinatseka chitseko, ndinapita kukagwira manja a Asiyatu, ndipo anesi anayamba kumasula.